Sukulu ya abusa ili pakhomo pathu

Agogo anga aakazi anabatizidwira ku Malawi, ngakhale munda wawo wa kachewere unali konkuno ku Angónia. Ndili mwana ndinkangoti anachita kufuna okha. Nditakula ndinadziwa chifukwa chake.

Mu 1909, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ku Mphatso. Mu 1922 boma la Apwitikizi linaitseka, amishoniwo nachoka. M'chaka chomwecho Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chinenero chathu. Choncho akhristu anatsala ndi buku, koma opanda mbusa. Akulu a mpingo ndiwo ankaphunzitsa kalasi m'midzi, ndipo ofuna ubatizo kapena mgonero ankadutsa malire wapansi kupita ku mipingo ya Nkhoma. Zinakhala chomwecho zaka makumi angapo, kenaka kunabwera nkhondo imene inatithamangitsira ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Mtendere utabwera mu 1992, tinabwerera kumabwinja. Mu 1994 mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique unatsegula sukulu ya abusa ya Hefsiba ku Ulónguè. Dzinali likuchokera m'buku la Yesaya, pomwe mudzi wosiyidwa ukupatsidwa dzina latsopano. Kwa anthu ongochoka kumene kothawa nkhondo, dzinali linali lomveka. Lero sukuluyi imatchedwa Instituto Superior Cristão, ndipo pambali pa zaubusa pali maphunziro enanso a ukachenjede. Wofuna ubusa samangodzilembetsa yekha: mpingo umayamba wamuona khalidwe, ndipo akamaliza, sinodi ndiyo imamudzoza.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chinenero. M'kalasi mwana wathu amaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo n'zoyenera, poti mawa angathe kutumizidwa ku Zambézia kapena ku Maputo. Koma akaima pamaliro kumudzi kuno, namfedwa amamvera m'Chinyanja. Ndinamvapo mnyamata wina wophunzira bwino akulalikira, mawu akuluakulu ali mbwee, koma amayi atangoti kakasi. Atakhala pansi, mkulu wa mpingo wosadziwa n'komwe kulemba dzina lake anaimirira nanena zomwezo m'mawu ochepa, anthu n'kuvomera.

Inu makolo amene mukugulitsa kachewere ndi nyemba kuti mwana akaphunzire, musamuleke akabwera patchuthi. Mpatseni Buku Lopatulika awerenge mokweza madzulo, mumutenge kumaliro ndi kubwalo la anyakwawa, amve momwe akulu amayalira nkhani. Chikhulupiriro chinasungidwa m'chinenerochi pamene kunalibe mbusa ndi mmodzi yemwe. Chingakhale chamanyazi kuti chinenerocho chitayike tsopano pamene sukulu ili pakhomo pathu.