Penti Watsopano ku Area 3

Ejenti ankafuna tikumane Loweruka, koma tinamuuza kuti limenelo ndi Sabata. Motero Lamlungu m'mawa tinachoka pamsika wa ku Old Town, n'kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kulowera ku Area 3. Kuno phokoso la maminibasi limazilala. Mapuloti ndi aakulu, mitengo ndi yakale, ndipo nyumba zina zinamangidwa likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975.

Nyumbayo inali yotsika mtengo poyerekeza ndi zomwe tinaona ku Area 10 ndi Area 12, kufupi ndi City Centre. Khonde lake linali lalikulu, kuseri kuli mango ndi malo okwana dimba la ndiwo zamasamba. Makoma ankanunkhira penti. "Bambo, mukachedwa ena atenga," anatero ejenti. Ndalama zimene tinasunga zaka zambiri zinali pafupi kutuluka tsiku lomwelo.

Chinatigwira dzanja ndi mphumu ya mwana wathu wamng'ono, chifukwa chinyontho ndi chuku zimaidzutsa. Tinakumbukanso Luka 14:28, pomwe Yesu amaphunzitsa kuwerengera mtengo ntchito isanayambe. Tinapempha masiku atatu, n'kulipira injiniya wa zomangamanga ndi mmisiri wa magetsi.

Injiniya anakwera m'siling'i ndi tochi. Atabaya thabwa la denga ndi sikuludiraiva, inangolowa: chiswe chinali chitadya mkati. Denga la nyumba ya antchito linali la asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo akasweka. Kuchipinda cha ana penti anabisa chinyontho chokwera kuchokera pansi. Mawaya a magetsi anali ofunika kusintha onse. "Mayi, mng'alu uwu musauope, ndi wa pulasitala chabe," anatero injiniyayo. "Maziko ali bwino."

Lachiwiri tinakafufuza chikalata cha malo ku Unduna wa za Malo, ndipo tinapempha mwininyumba malisiti a msonkho wa khonsolo, madzi ndi magetsi. Mapepala anali olongosoka.

Nyumbayo tinagula, koma pamtengo wotsitsidwa titaonetsa lipoti. Sitinalowemo, amisiri akadali padenga, ndipo tikufuna atsirize mvula ya Novembala isanagwe. Tikanangodalira maso, bwenzi mwana akugona m'chipinda chonyowa chija. Akulu ananena kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.