Kuthokoza N'kulandira Katundu

Liwu lakuti zikomo n'lopepuka pakamwa. Timalitchula popempha njira, polowa m'nyumba ya eni, ngakhalenso polandira mchere kwa mnansi. Koma kuthokoza kwenikweni kuli ndi mtengo wake. Mtengowo ndinauona pamene mpingo wathu kuno ku Phalombe unalola abusa athu kupita ku tchuthi cha miyezi 6 kuti akapumule ndi kuwonjezera maphunziro.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe taona dera limene tikukhala. Boma la Phalombe lili m'tsinde mwa phiri la Michesi. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi osakanikirana ndi matope komanso miyala anatsetsereka m'phirili n'kupha anthu mazanamazana. Anthu akuno ngozi yotere timaitcha Napolo. Akuluakulu ananena kuti madzi saiwala khwawa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasesanso midzi, minda ndi milatho m'boma lino.

Pa nthawi yovutayi abusa athu sankaona tulo. M'mawa anali kumanda, masana m'misasa ya anthu osowa pokhala, madzulo ku chipatala cha Holy Family kukapemphera ndi ovulala. Ife tinkangowayamikira kuti ndi munthu wolimba mtima, kwinaku tikuwasenzetsa katundu wina. Chaka chitatha, aliyense wa maso ankaona kuti munthu uja watheratu. Paja ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Nkhani ya tchuthi itabwera pa msonkhano wa akulu a mpingo, ambiri sanailandire. Chaka cha 2024 chinali cha ng'amba ndipo chimanga chinapserera m'minda. Mkulu wina anafunsa kuti, "Kodi mbusa amasiya nkhosa nthawi ya njala?" Funsoli silinali lachibwana, pakuti ambirife tinkaopa kuti mpingo ubalalika.

Amene anatitsegula maso anali mayi wina wachikulire wa Mvano. Iwo anati, "Abambo, inu ndinu alimi. Munda umene mumaukonda mumausiya tsala kuti nthaka ibwerere. Nanga munthu ndiye chitsulo?" Mawu awo anatikumbutsa lamulo la m'buku la Levitiko, mutu 25, lakuti nthaka izipumula chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse. Kuno malo ndi ochepa, choncho kugoneka munda n'kovuta, koma mlimi aliyense amadziwa kuti munda wolimidwa mosalekeza umaguga.

Tsono abusa atachoka tinagawana ntchito. Za ubatizo, mgonero ndi kudalitsa maukwati zinkadikira mbusa wa mpingo woyandikana nawo, chifukwa zimenezi ndi za munthu wodzozedwa. Zotsala zonse zinali zathu. Akulu a mpingo ankalalika mosinthana ndi kutsogolera mapemphero a pamaliro. Amayi a Mvano ankayendera odwala ndi okalamba, atanyamula ufa, nandolo ndi nkhuni. Achinyamata anaumba njerwa n'kumangira nyumba mayi wamasiye amene yake inagwa ndi Freddy. Ine anandipatsa ntchito yosunga kaundula wa mabanja osowa chakudya, kuti thandizo lochepa limene linalipo lisamangobwerera kwa anthu omwewo.

M'kaundulamo ndi mmene ndinaonera kukula kwa katundu amene munthu mmodzi ankasenza. Ntchito imene tinkaigwira anthu khumi, tikupumira m'mwamba, iwo ankaigwira okha panjinga. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Kunena zoona, zimene tinachitazi si zachilendo. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Mishoni ya Blantyre mu 1876, koma abusa oyamba achikuda a mishoniyi, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911. M'zaka 35 zimenezo, ngakhalenso pambuyo pake, mapemphero m'midzi yambiri ankatsogoleredwa ndi aphunzitsi, alaliki ndi akhristu wamba. Makolo athu ankadziwa kuti mpingo ndi anthu. Ife tinali titaiwala, n'kusanduka alendo ongodikira kupatsidwa m'nyumba yathu yomwe.

Abusa atabwerako anaoneka munthu wina. Nkhope yawo inali itawala ndipo ulaliki wawo unali ndi mphamvu yatsopano. Tinawalandira ndi nkhuku, mpunga ndi nyimbo monga mwa mwambo wathu. Komabe mphatso yoposa zonse inali yakuti ntchito zimene tinagawana zija sitinawabwezere. Mpaka lero odwala a m'dera lathu amayenderedwa ndi anthu a m'dera lomwelo, ndipo abusa ali ndi tsiku limodzi pa sabata limene sitigogoda pakhomo pawo pokhapokha pagwe zovuta.

Inu amene muli pasukulu muli ndi anthu amene amakusenzerani katundu: amayi anu amene amalawirira kumunda, agogo amene akulera ana amasiye, mphunzitsi amene amachonga makope usiku pa kandulo. Anthu otere sadandaula, n'chifukwa chake timawazolowera. Musadikire kudzawatamanda pa tsiku la maliro awo, pakuti mawu a pamanda wakufa sawamva. Mukaona wokuthandizani wawerama ndi mtolo, pitani mukamulandire kuti naye apumeko.