Ulendo wa ku Japan Wandibwezera pa Benchi la Wophunzira

Aphunzitsi anzanga, kodi ndi liti pamene munakhala pakati pa anthu oyankhula chiyankhulo chimene simutolapo ngakhale liwu limodzi? Ambirife tinaiwala kalekale mmene zimapwetekera. Timaima kutsogolo kwa ana amene kwawo amayankhula Chisena, Chitumbuka, Chibemba kapena Chishona, n'kumadabwa kuti bwanji angoti duu. Ine ndagwira ntchito yosula aphunzitsi a ziyankhulo kwa zaka zambiri, koma chimene chandikumbutsa mantha a mwana woyamba kumene sukulu ndi ulendo wa ku Japan umene ndikukonzekera. Ndikufuna ndikugawireni zimene ndikuphunzira, chifukwa zikukhudza kalasi yanu.

Ndiyambe ndi nyengo. Ndikupita m'chilimwe cha kumeneko, ndipo liwu lakuti chilimwe likhoza kukusocheretsani. Kwathu kuno limatikumbutsa fumbi, udzu wouma ndi thambo lopanda mtambo. Ku Japan chilimwe chimayamba mu Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene ife tikuwotha moto. M'madera ambiri mvula yotchedwa tsuyu imagwa kuyambira mu Juni mpaka chapakati pa Julayi, kenako kumabwera kutentha kwa chinyontho kopitirira madigiri 30. Choncho m'chikwama mwanga muli ambulera ndi zovala zopepuka. Onani kuti mtanthauziramawu akanandipatsa liwu lolondola, koma osandiuza choti ndinyamule. Ana athu nawonso amaloweza mawu ambiri a Chingerezi kapena Chipwitikizi popanda kudziwa moyo umene uli kuseri kwa mawuwo.

Posankha masiku, ndinayang'ana kalendala ya eni dziko. Mumzinda wa Kyoto, mwezi wonse wa Julayi kumakhala chikondwerero cha Gion Matsuri, chimene chiyambi chake ndi mwambo wa m'chaka cha 869 wopempha kuti mliri uthe. Pa 17 Julayi anthu amakoka ngolo zikuluzikulu zokongoletsedwa m'misewu. Chapakati pa Ogasiti kuli Obon, pamene mabanja amabwerera kumudzi kukakumbukira makolo amene anatsogola, ndipo masitima amadzaza kwambiri. Sukulu zambiri zimatsekera chakumapeto kwa Julayi. Popeza ndikufuna kukaona kalasi ili mkati, ndasankha kufika kumayambiriro kwa Julayi. Anzanga a ku Zambia mukudziwa kale njira yoti aphunzitsi akonzere limodzi phunziro, wina aliphunzitse ena akuonerera, kenako akambirane. Njirayi inachokera ku Japan, komwe amaitchula kuti jugyo kenkyu, ndipo ndikulakalaka kukaiona kwawo.

Za mapepala ndi ndalama sizofunika kuzengereza. Nzika za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa zimafunika viza, ndipo maofesi a kazembe wa Japan alipo ku Lilongwe, Lusaka, Maputo, Harare ndi Pretoria. Konzani ndondomeko ya tsiku ndi tsiku yosonyeza kumene mukagone, komanso umboni wa ndalama za ku banki. Ndege zambiri zimadzera ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai, ndipo nthawi ya ku Japan ili patsogolo pa yathu ndi maola 7. Sitima yothamanga ya Shinkansen, imene inayamba kuyenda mu 1964, imatenga maola osakwana atatu kuchoka ku Tokyo kukafika ku Kyoto, koma ndi yodula. Tikiti ya alendo ya Japan Rail Pass inakwera mtengo mu Okutobala 2023, moti ndi bwino kuwerengera kaye maulendo anu musanaigule.

Koma ntchito yaikulu ndi ya chiyankhulo. Madzulo aliwonse ndimakhala mphindi 20 ndikuphunzira zilembo. Chijapani chimalembedwa ndi hiragana, zilembo 46, katakana, zilembo zinanso 46, ndi kanji, zimene zinachokera ku China. Mndandanda wa boma wa kanji zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku uli ndi zilembo 2,136. Sabata yoyamba zilembozo zinkangooneka ngati mapazi a nkhuku. Dzanja linkauma, maso ankatopa, ndipo chimene ndaloweza usiku chinkathawa pofika m'mawa. Umu ndi mmene bolodi lathu limaonekera kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi chiyankhulo changa chomwe. Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu, a, i, u, e, o, monga Chichewa, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa lembo la liwu. Nawonso akabwereka mawu amawaumba kuti agwirizane ndi lilime lawo: ife timati tebulo, iwo teburu, ife basi, iwo basu, ife hotela, iwo hoteru. Sasiyanitsa l ndi r, monganso ambiri a ife. Anzanga a ku Tete ndi ku Niassa mudzasangalala kumva kuti buledi amamutchula pan, liwu lochokera kwa Apwitikizi amene anafika ku Japan mu 1543. Ndikadaphunzira Chijapani kudzera m'Chingerezi chokha, milatho yonseyi sindikadaiona. Nanga bwanji ife timaletsa ana kugwiritsa ntchito chiyankhulo cha kwawo pophunzira china?

Pa ulemu napo pali kufanana. Ajapani amaika san kumapeto kwa dzina, monga ife timaika a kumayambiriro. Amapereka ndi kulandira mphatso ndi manja awiri. Liwu lawo lakuti sumimasen limagwira ntchito ngati zikomo wathu: kupempha njira, kuitana munthu, ngakhalenso kuthokoza. Komabe kufanana kusatipusitse. Polowa m'nyumba nsapato zimavulidwa pakhomo. Kuzika timitengo todyera mu mpunga kumakumbutsa mwambo wa maliro. Kusiyira woperekera zakudya kangachepe si chizolowezi chawo. Mlendo wolakwitsa galamala anthu amamumvetsa, koma wolowa ndi nsapato pamphasa amasiya mbiri yoipa. Kodi m'maphunziro athu timapereka nthawi yochuluka bwanji ku kapemphedwe, kapepesedwe ndi kathokozedwe, poyerekeza ndi nthawi ya aneni ndi mayina?

Sindikuyembekezera kukacheza Chijapani chakuya. Cholinga changa n'chochepa: kuwerenga dzina la siteshoni, kupereka moni, kufunsa mtengo, kunena itadakimasu ndisanadye. Zolinga zazing'ono zoterezi ndizo zimandidzutsa mawa lake kuti ndipitirize, ndipo ndizo ana athu amasowa tikawaunjikira silabasi yonse nthawi imodzi.

Mwina inu simudzakwera ndege ya ku Tokyo, ndipo palibe vuto. Sankhani chiyankhulo chimodzi cha ana a m'kalasi mwanu chimene simuchidziwa. Kwa milungu iwiri, muwapemphe akuphunzitseni mawu asanu patsiku, ndipo muwalole akukonzeni mukaphonya. Muzilemba m'kope zimene zakuvutani, zimene zakuthandizani, ndi mmene mwamvera pamene anakusekani. Kenako mutenge chikonzero cha phunziro lanu lotsatira, muchiwerenge ndi kopelo pambali.