Masiku atatu a pa Chambeshi

Amene mumakaoda kapenta ku Mpulungu mukuudziwa mlatho wa Chambeshi, pamsewu wa Mpika kupita ku Kasama. Pafupi pake pali chipilala ndi mfuti yaikulu yakale. Ife takhala tikudutsapo zaka zambiri tili mtulo m'basi. Ulendo uno basi inaphulika tayala chapompo, ndiye tinatsika kukawongola miyendo n'kumva nkhani yake.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inatha pa 11 Novembala 1918 ku Ulaya. Koma kuno mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anali asanamve. Gulu lake linali litalanda Kasama, likupitabe chakumwera. Pa 14 Novembala ndi pamene bwanamkubwa Hector Croad anakumana naye kumtsinjewu ndi uthenga woti nkhondo yatha. Anakagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala.

Taganizani masiku atatu amenewo. Asilikali akuda mbali zonse ziwiri anali akugwirabe mfuti. Atengatenga anali akusenzabe katundu ndi njala, monga ankachitira azigogo athu ambiri a ku Nyasaland pankhondo yomweyo. Ankavutikira nkhondo yoti inatha kale, chifukwa uthenga unachedwa panjira.

Tinabwerera m'basi tili chete, chifukwa tili ndi mlandu wathu. Chaka chatha tinaona ndi maso kuti kapenta wadzaza pamsika ndipo mtengo wagwa. Tinali ndi foni, bandulo inalimo, koma sitinalembe muno. Tinkati aliyense adzionere yekha. Mayi mnzathu wina anakatenga katapila n'kuoda matumba ambiri, akudalira mtengo wakale. Mpamba wonse unathera momwemo, ndipo mpaka pano sanayambirenso kuyenda. Tikakumana naye kudepoti timasowa poyang'ana.

Anthu a 1918 analibe chowathandiza. Ife WhatsApp ili m'manja. Ndiye tikupempha: mukaona mtengo wagwa, reti ya kwacha yasintha, msewu wadulidwa ndi mvula, kapena paboda ayamba kufunsa pepala lina, lembani tsiku lomwelo. Tchulani malo ndi tsiku, kuti wina asayende ndi nkhani ya sabata yatha. Zongomva, nenani kuti n'zongomva.

Mukamadutsa pa Chambeshi, dzutsani amene mwakhala naye pampando mumuonetse mfuti ija. Muyende bwino nonse.