Usadzabwere Ngati Mlendo

Wokondedwa mwana wanga,

Ndalemba kalata chifukwa pakamwa sinditha. Umandidziwa, ndikati ndiyambe nkhani yaikulu ndi iwe mawu amandiuma kukhosi, ndimangothera kukufunsa ngati mbuzi walowetsa m'khola. Amayi ako aiika pansi pa zovala m'chikwama chako. Uiwerenge ukafika ku Salima, ndipo usaitaye.

Azakhali ako anandiimbira foni Lachiwiri pakati pa usiku, akulira. Msuweni wako wayamba kuzula malata pa nyumba ija anamanga ndi ndalama za ku Congo. Wayambira kuchipinda cha ana, poti anawo kulibe, anapita ndi mayi awo kwawo mwezi watha. Njinga zamoto za kabaza zija zinapita kalekale. Sabata yatha anasowa osatsanzika, ndipo amene anamuona akuti anali ku Lilongwe, atakhala pakhonde la golosale ina pafupi ndi geti la kambi, akusuzumira galimoto iliyonse ya asilikali yotuluka, kuti mwina muli wina amene anali naye ku Beni. Mlongo wanga akundifunsa kuti, "Achimwene, inu kunkhondo munapitako, tandiuzani, chamulowa mwana wangayu n'chiyani?" Ine ndine malume ake, mbumba ndi yanga, ndiyenera kuyankha. Koma foni ili kukhutu, maso anga anali pa chikwama chako pakona paja, chitamangidwa kale.

Sindikukuletsa kulowa usilikali. Tsiku lija dzina lako linatuluka ndinayenda mudzi wonse wa Dowa kuno chifuwa chili patsogolo, ndipo mpaka lero ndikunyadira. Ndikudziwanso kuti amene anakukopa si ine, ndi msuweni wako yemweyu, nthawi ija ankabwera patchuthi jombo zikuwala, iwe n'kumamunyamulira chikwama kuchokera pa siteji. Unaona msilikali ali pantchito. Msilikali atavula yunifolomu sunamuonetsetse, ngakhale wakula naye m'nyumba imodzi.

Kumudzi akunena zambiri. Ena akuti ndi kachasu, ena chamba, ena akuti anamulodza chifukwa cha nsanje ya nyumba ya malata. Kachasuyo akumwadi, koma kachasu anabwera pambuyo. Chimene chikumudya mwana uja ndi kusowa anzake. Anali ku Beni mu 2018, m'gulu lija la United Nations limene asilikali athu ankagwira limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala chaka chimenecho asilikali athu 6 anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF. Ife tinamva pa wailesi, tinati pepa, tinapita kumunda. Iye anthu amenewo ankadya nawo. Amene anatsala amoyo anakhala kwa iye oposa abale a bere limodzi, ndiye tsiku lina anangopatsidwa makalata ake ndi ndalama zopumira, basi, aliyense kwawo: wina ku Chitipa, wina ku Mulanje, wina akadali pantchito ndipo foni sayankha chifukwa watanganidwa. Unaona ng'ombe yathu yapangolo ija titagulitsa inzake, mmene inkaimira pakhola osadya, kumangolira kuyang'ana kumsewu. Msuweni wako ali choncho.

Ndikudziwa chifukwa njira imeneyi ndinaiponda. Sindinakuuzepo zambiri za ku Mozambique, lero ndikuuzeko pang'ono. Nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wa dziko lino ankazungulira mtunda wautali pamsewu, zinthu n'kukwera mtengo. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi tinatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, kulowera pa Nayuchi kupita cha ku Cuamba ndi kupitirira. Ndinali wamng'ono kuposa mmene ulili iwemu, ndevu zisanagwirane. Sitima inkayenda pang'onopang'ono, ife maso ali m'tchire ndi panjanji, kuopa mabomba okwirira ndi anthu obisalira. Mantha analipo, sindinama. Koma ndikakhala pansi pa mtengo wa mango uja madzulo, zimene zimandibwerera si kulira kwa mfuti. Ndimakumbukira mnyamata wina wa ku Karonga amene ndinkagona naye dzenje limodzi. Malungo atandigwira anandinyamulira mfuti ndi katundu pamwamba pa wake, ndipo usiku anandivula jombo yekha, mapazi atatupa, n'kundifunditsa bulangete lake iye n'kugona ndi jekete. Chitini chimodzi cha nyama tinkachidya anthu angapo ndi supuni imodzi, palibe woyang'ana kuti mnzake watapa kwambiri. Mumdima wa ndiweyani ndinkadziwa kuti amene watsokomola ndi uje, amene akubwera ndi uje, pongomva mayendedwe. Panalibe Mtumbuka, Mlomwe, Msena kapena Mchewa. Chikondi chotere sindinachipezenso kwina kulikonse, ndipo ndikulemba izi amayi ako ali pompano akusankha nyemba, akudziwa kuti sindikuwanyoza.

Iwenso uchipeza. Chiyambira ku MAFCO komweko, pamene mudzathamangitsidwa limodzi m'dzuwa la ku Salima mpaka malovu kuuma, wina akagwa nonse n'kulangidwa. N'chokoma, ndipo uchilandire ndi manja awiri, chifukwa tsiku lina chidzapulumutsa moyo wako. Koma mwana wanga, chimatha. Ntchito ya usilikali imatha munthu akadali ndi mphamvu, ndipo zaka zotsalazo n'zambiri. Palibe sajeni amene adzakuphunzitse zimenezo pa perete.

Za ndalama: usamadye zonse, ndipo katapila umuthawe. Za akazi ndi matenda amayi ako anakuuza kale, ine ndingoti udzisunge. Anthu wamba usamawaopseze ndi yunifolomu, ndi amene amakulipira. Kupemphera usasiye.

Ndibwerere kwa msuweni wako, poti tulo sindikupeza. Atabwera kumene ankadzuka 4 koloko m'mawa, kusesa bwalo lonse, kupolisha nsapato, kenaka n'kukhala pampando osadziwa kuti tsikulo alitani. Ndinamuona ndi maso anga ndipo mtima unandigunda, chifukwa inenso ndinkatero. Kunja kuno kulibe lipenga. Msonkhano wa kwa amfumu woitanidwa 8 koloko umayamba dzuwa lili paliwombo, ndipo palibe amene akuona cholakwika. Pamzere wa feteleza anthu amakankhana, wamphamvu ndiye amayamba. Munthu amakulonjeza kuti abwera mawa, osabwera, mukakumana n'kumaseka. Kwa munthu amene wakhala zaka pakati pa anthu oti mawu awo ukhoza kuwatsamira ndi moyo wako, zinthu zazing'onozi zimapweteka kuposa mmene ungaganizire. Umayamba kuona ngati aliyense ndi wabodza. Ukati ufotokoze za kumene unali, wina amakudula n'kufunsa kuti, "Ndiye munapha angati?" Umangotseka pakamwa. Ukatseka pakamwa kwa anthu a pabwalo, posachedwa umatsekanso kwa mkazi wako. Mlamu wako uja sanachoke chifukwa chomenyedwa ayi. Anauza azakhali ako kuti watopa kukhala ndi munthu amene amaseka pokhapokha akamayankhula pafoni ndi anzake a ku Congo.

Ine chimene chinandigwira dzanja ndi anthu awiri. Woyamba ndi amayi ako, amene sankandifunsa zambiri koma ankandipatsa khasu ndi kundilondolera kudimba, ndipo pa Chaka Chatsopano ana akamaphulitsa makombola ankangobwera kudzakhala pafupi nane. Wachiwiri anali mkulu wina wa m'mudzi wa kutsidya, msilikali wa Keyala amene anamenya nkhondo ku Burma, iwe unabadwa atamwalira kale. Ankabwera ndi ndodo yake, kukhala pakhonde, osanena kanthu nthawi yaitali. Tsiku lina anangoti, "Mphwanga, Loweruka kuli mganda, ukabwere." Ndinapita monyinyirika. Nditaona amuna ali pamzere, malaya oyera, mapazi akugunda pamodzi, wotsogolera akulamula, ndinamvetsa chifukwa chake anandiitana. Magule awa, mganda kuno, malipenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, beni ku Mangochi, anatengera perete ya asilikali a nthawi ya atsamunda. Ine ndimakhulupirira kuti ambiri mwa madoda amene ankawavina atabwera kunkhondo ankafuna kumvanso phewa la mnzawo pambali pawo. Anadzipezera mankhwala okha, pabwalo, mudzi wonse ukuonerera, akazi awo akululutira. Ukadzapita ku Zomba ukaone chipilala cha Keyala chija pafupi ndi Cobbe Barracks, ukawerenge mayina. Chaka chilichonse mu Novembala timavala duwa lofiira kukumbukira amene anatsala kunkhondo, ndipo n'koyenera. Koma amene anabwerera amoyo n'kumafera m'nyumba zawo pang'onopang'ono alibe chipilala.

Msuweni wako ndinamuitanira kumganda, anakana. Ndinamuuza za a St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuti kuli anthu ophunzira kumvetsera munthu wovutika maganizo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Malume, ine si wamisala." Ndipita ndithu Loweruka likudzali, ndikakhala naye pakhonde monga anandichitira mkulu uja, ngakhale asandiyankhule. Sindimutaya. Koma zikanakhala zopepuka akanakhala kuti zaka zonse zija ankasiyako phazi limodzi kumudzi. Patchuthi ankabwera masiku awiri, ndi anzake a kukambi, kumwa nawo pa Mponela, n'kubwerera. Maliro a kuno ankangotumiza ndalama pafoni. Pamene ankabwera kudzakhala, anyamata amene anakula nawo anali atamuiwala, nayenso sankadziwa ngakhale mayina a ana awo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ukapatsidwa tchuthi uzibwera kuno, ndipo ukafika uzivula yunifolomu n'kuvala kabudula wako wakale. Uzipita kumunda. Kukagwa maliro uzikagwira khasu kumanda limodzi ndi adzukulu, usamaime patali manja ali m'thumba ngati bwana. Anzako a mpira aja usawataye, ngakhale nkhani zawo zidzayamba kukumvekera zachibwana. Munda wa kudambo uja ndi wako, sindiubwereketsa kwa wina, uzitumiza ya mbewu ndipo uzifunsa kuti zamera bwanji. Kuntchitoko ukapeza mpata wophunzira luso la manja, kaya umakaniko, kaya zomangamanga, kaya za chipatala, uugwire, kuti tsiku lotuluka udzakhale ndi chodzukira m'mawa. Ukadzafuna kukwatira, udzapeze munthu woti uzitha kumuuza zimene waona, ndipo uzimuuzadi.

Za pakhomo: chimanga chilipo chotifikitsa Febuluwale tikasamala. Mlongo wako akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, akuti umutumizire kakyuleta ija. BP ya amayi ako yatsikako. Mbuzi yaikazi ija yaswa awiri. Agogo ako akuti sunakawatsanzike bwino, uwaimbire.

Udakali wamng'ono unkandidikira pa mtengo wa mango ndikamachokera kudimba, n'kumandiuza zonse za tsikulo mpaka za nyerere zimene unaziona. Pakamwa pako sipankatsekeka, amayi ako mpaka ankakuthamangitsa kukhitchini. Ndimaopa kuti pakamwa pamenepo padzatsekeka. Mu Januwale 2025 tinamvanso kuti asilikali athu 3 aphedwa kum'mawa kwa Congo komweko pomenyana ndi M23, ndipo amayi ako anazimitsa wailesi. Iwo amaopa chipolopolo, ndipo ali ndi chifukwa. Ine chipolopolo ndimachisiya m'manja mwa Mulungu, poti pamenepo palibe chimene ndingachite. Chimene chimandidzutsa usiku n'chakuti udzabwera wathunthu, manja ndi miyendo zilipo, n'kukhala pakhonde langa maso ali kumsewu ngati msuweni wako, ife tili pomwepo koma osationa. Chaona mnzako chapita, mwana wanga, ndipo uyu si mnzako chabe, ndi magazi ako.

Ukadzatumizidwa kunja, kaya ku Congo kaya kwina, n'kuona zinthu zoti sungauze amayi ako, udzandiuze ine. Palibe chimene ungandiuze chimene chingandithawitse. Ukadzayamba kusowa tulo, kapena kupsa mtima ndi zinthu zopanda pake, kapena kuona kuti botolo ndi limene likukugonetsa, usadzadikire kuti zikule. Udzanene. Si manyazi, ndipo usilikali wako suchepa nazo. Anzako a kunkhondo udzawasunge mpaka imfa, uzidzawayendera, uzidzawabweretsa kuno tidzawaphere nkhuku, koma asadzakhale anthu okhawo amene ali ndi kiyi wa mtima wako.

Chinanso, usanayambe maphunziro umuimbire msuweni wako. Iwe amakukonda, mwina angakuyankhe. Usamulalikire, ungomuuza kuti wafika bwino ndipo umufunse kuti jombo zatsopano amazifewetsa bwanji. Adziwe kuti pali wina amene akufunabe nzeru zake.

Chonde mwana wanga, ndakupempha, usatisiye. Uzilemba, uziimba, ngakhale mawu awiri okha. Ukamaliza maphunziro tchuthi choyamba ubwere kuno, usapite kwa anzako. Ndakalamba, mphamvu zonyamula anyamata awiri ndilibe. Mlongo wanga akulira mwana wake ali moyo, chonde amayi ako asadzalire choncho.

Ndine bambo ako.