MDIMA WA PA LIKHUBULA

Ine ndine mbadwa ya pa Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, ndipo ndifuna kukamba nanu za mdima wa pa msika wathu.

Usana malo ano ngokondweretsa. Alendo amafika kuti akwere ku Chambe kapena akasambe pa Dziwe la Nkhalamba, anyamata onyamula katundu ali kuwadikira, amai ali kugulitsa nthoci ndi nanazi. Koma dzuwa likangolowa, ca m'ma 6 koloko, onse amalongedza malonda ngati kuli kudza mvula.

Tsiku lina mlongo wanga anacedwa kuweruka. Ali kuyenda m'mbali mwa mseu wa ku Phalombe, dengu liri pamutu, njinga yopanda nyali inamgunda. Sanathyoke ai, koma tomato yense anagwera m'ngalande, ndipo ndarama zimene anamanga pa nsonga ya nsaru tinazifuna m'mawa mwace osazipeza. Cicokere tsikulo amacoka kusanade, nthawi yomwe anthu obwera ku nchito ku Chitakale ayamba kumene kugula ndiwo. Taonani malonda amene ataya!

Ena ati tidikire Boma lidzatiikire mizati ya nyali. Nkwabwino kupempha, koma tidzadikira kufikira liti? Ine ndaona eni magolosale ena ali ndi getsi m'kati, lounikira shuga ndi sopo, pamene khonde lao liri bii. Bwenzi aliyense atapacika limodzi panja, ndipo amai a pa msika atasonkha pang'ono kugula nyali za dzuwa ziwiri kapena zitatu. Mbala siopa nyali yokha. Imaopa maso a anthu, ndipo anthu sakhala pamene pali mdima. Anzathu a ku Bondo, kuseri kwa phiri lomweli, ali ndi magetsi ocokera m'madzi a mtsinje wa Lichenya. Nanga ife tilephere nyali zitatu?

M'caka ca 2025 a UNESCO analemba phiri lathu m'gulu la malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Koma lero mlendo akatsika phiri madzulo ali ndi njala, amangopita kukagona, ndarama zace ziri m'thumba. Nkhaniyi ndidzapita nayo kwa a mfumu pa msonkhano ukudzawu, ndipo mlongo wanga wati adzandiperekeza.