Tinapita ku Chikwawa Kukafuna Chammwamba

Tinanyamuka ku Blantyre Lamlungu m'mamawa titavala majuzi. Titatsika mapiri okhotakhota a msewu wa M1 ndi kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, majuzi onse anali m'zikwama. Kutentha kwa ku Chikwawa sikudikira masana.

Tinali anayi, tonse a komiti ya zaumoyo pampingo pathu. Chinatiyendetsa ndi nkhani ya mlongo wina amene anasiya mankhwala a BP atagula botolo la madzi a zitsamba m'tauni. Wogulitsa anamuuza kuti ndi chammwamba, chimachotsa nkhawa ndi kukweza chitetezo cha m'thupi. Patatha milungu itatu anagwa kubafa, ndipo mpaka lero dzanja lake lamanzere silikugwira bwino. Tinati tiyeni tikaone kumene mtengowu uli wambiri, tikamve kwa eni ake.

Kuchigwa chammwamba si chinthu cha m'botolo. Chili pakhomo paliponse, ena anachita kumangira mpanda. Amangodula nthambi n'kuzika, basi yaphuka. Asena amachitchula sangowa. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi ku India, koma dothi louma la kuno unalikonda. Masamba ake ali ndi vitamini A, ayironi, kashiamu ndi mapulotini, ndipo amakhalapo ngakhale mu Okutobala pamene ndiwo zamasamba zasowa.

M'mudzi wina kufupi ndi Nchalo anatilandira agogo ena, nkhondo ya minda ya nzimbe ikuonekera chapatali. Anatiyalira mphasa, natiphikira nsima ya mapira ndi sangowa wotendera. Pakhonde panali masamba ena pa lichero. Anati amayanika pamthunzi, chifukwa a padzuwa amayezuka. Anali kunena zoona: dzuwa limawononga vitamini A.

Tinafunsa kuti, "Agogo, kodi masambawa amachotsa nkhawa?"

Anaseka. "Ana anga, ine ndadya sangowa chibadwire. Njala amachotsa. Koma chichokereni Freddy, mvula ikangoyamba kugunda padenga, ine tulo palibe. Chaka chimene chija chimfine sichinandichoke, ndi kabala kapamwendo kanatenga miyezi."

Namondwe Freddy anagwa mu Malichi 2023, ndipo madzi anawatengera nyumba, mbuzi ndi mbewu. Zimene ananenazo achipatala amazidziwa. Munthu akakhala ndi nkhawa, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa homoni yotchedwa cortisol. Kwa kanthawi imathandiza thupi kuthawa ngozi. Koma nkhawa ikakhala miyezi, asilikali a m'thupi amafooka, matenda amalowa mosavuta, mabala amachedwa kupola. Mu 1991 Sheldon Cohen ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa ku England, momwe anthu 394 athanzi anawadontheza tizilombo ta chimfine m'mphuno. Amene anali ndi nkhawa zambiri ndi amene anadwala kwambiri.

Nanga zitsamba? Ashwagandha wa ku India, m'kafukufuku wa anthu ochepa, anatsitsako cortisol, koma ena wawapweteka chiwindi, ndipo amayi oyembekezera sayenera kumwa. St John's wort, amene ena amamwa mtima ukakhala wolemera, amafooketsa ma ARV. Madzi okamulidwa ku zitsamba ndi mankhwala ndithu, ndipo botolo lopanda chizindikiro silinena mlingo wake kapena zimene asakanizamo. Musanamwe, kafunseni kuchipatala, mutatenga mankhwala amene mukumwa kale.

Tinawafunsa agogo chimene chinawathandiza. Anati azimayi anzawo anabwera kudzawaumbira njerwa, mdzukulu anasamukira kwa iwo kuti asamagone okha, ndipo bala anakalitsukitsa kuchipatala. "Sangowa ndimadyabe," anatero, "koma tulo anandibwezera ndi anthu."

Pobwerera tinakwera mapiri aja ndi mtolo wa nthambi 30 kumbuyo kwa galimoto. Tazizika kuseri kwa tchalitchi, ndipo zikaphuka banja lililonse lidzatengako, kuti likhale ndi ndiwo pakhomo. Tagwirizananso china. Mlongo wathu uja wayambiranso mankhwala ake, koma chimene chinamugulitsa botolo chinali ngongole ndi fizi ya ana zimene zinkamusowetsa tulo, ife osadziwa. Tsopano Lachitatu lililonse awiri a ife amapita kwawo, kukamuchapira, kumuperekeza kukayezetsa BP, ndi kukhala naye pansi kumva za kumtima kwake.